Nyambo ndi agalu ndi nkhani ziwiri, ngakhale anazimanga mtolo umodzi

Mu Novembala 1994 anthu a m'chigawo cha Oregon, kumadzulo kwa dziko la America, anapita kukaponya voti, ndipo pakati pa mafunso amene anali pa pepala lawo panali lina lotchedwa Measure 18. Funsolo linali lakuti kodi alenje aletsedwe kukopa zimbalangondo ndi nyambo, komanso kusaka zimbalangondo ndi mikango ya m'mapiri pogwiritsa ntchito agalu. Mkango wa m'mapiriwu ndi chilombo cha mtundu wa mphaka, chofiirira, cha mchira wautali, chimene eni dziko amachitcha cougar kapena puma. Ovota pafupifupi 52 mwa 100 alionse anavomereza chiletsocho, ndipo otsutsa atayesa kuchichotsa pa voti ina mu 1996 anabwerako manja ali m'khosi. Maganizo anga ndi akuti anthu a ku Oregon anachita bwino pa nkhani ya nyambo koma anafulumira pa nkhani ya agalu, ndipo chimene chinawasokoneza n'chakuti zinthu ziwiri zosiyana zinaikidwa m'funso limodzi, munthu n'kuuzidwa kuti angoyankha inde kapena ayi.

Amene sanaonepo nyambo ya chimbalangondo angaganize kuti ndi kachidutswa ka nyama kongoponyedwa m'tchire, koma si choncho. Mlenje amatenga mgolo, amauboola pambali, amaumangirira ndi unyolo kumtengo, kenako amathiramo madonasi ogona, buledi wotsala m'sitolo, maswiti ndi mafuta amene anakazingira kale zakudya m'malesitilanti. M'chigawo cha Maine lamulo limalola kuyamba kutchera nyambo masiku 30 nyengo yosaka isanatsegulidwe, moti chilombocho chimakhala mwezi wathunthu chikubwera kudzadya pamalo amodzimodzi, kamera yomangidwa pamtengo ikulemba ola limene chimafika. Tsiku loyamba la nyengoyo munthu amakwera pansanja ya mumtengo wapafupi, mfuti ili pamwendo, n'kudikira mlendo amene wakhala akumudyetsa. Mu 2014 ku New Hampshire zimbalangondo zinayi zinapezeka zitafa pafupi ndi nyambo imene munali chokoleti chambiri, chifukwa m'chokoleti muli mankhwala amene ndi poizoni kwa nyama zoterezi, ndipo chaka chotsatira chigawocho chinaletsa chokoleti pa nyambo. Chinaletsa chokoleti chokha, madonasi n'kuwasiya.

Ine ndimadya nyama, ndipo sindiona cholakwa kuti munthu aphe chilombo cha m'tchire motsata lamulo n'kudyetsa banja lake. Chimene chimandivuta pa nyambo n'chakuti nthambi zomwezo za boma zoona za nyama zakutchire zimakhalira kuchenjeza anthu kuti asadyetse zimbalangondo, kuti azitseka zotayamo zinyalala ndi kuchotsa chakudya cha mbalame pakhonde, popeza chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu chimasiya kuopa nyumba ndipo mapeto ake chimaomberedwa. Ngati kudyetsa kumeneku n'koipa akachita mayi wa m'tauni, sindikumvetsa kuti kumasanduka kwabwino bwanji akachita mlenje ndi mgolo wathunthu, pamene zimbalangondo zambiri zodya pamgolopo siziphedwa n'komwe, zimangochoka zitaphunzira kukoma kwa shuga. Alenje a ku America ali ndi mwambo wawo umene amanyadira, wakuti nyama ipatsidwe mpata wothawa, ndipo amakonda kukumbutsa za pulezidenti Theodore Roosevelt amene mu 1902 ku Mississippi anakana kuombera chimbalangondo chimene anzake anachimangirira kumtengo kuti iye achiphe. Chingwe cha tsiku limenelo ndi mgolo wa madonasi zimasiyana pang'ono pokha.

Oikira kumbuyo nyambo amati nkhalango za ku Maine n'zowirira kwambiri moti popanda nyambo simungachione chilombocho, ndiponso kuti munthu wokhala pansanja amakhala ndi nthawi yoona ngati ndi chachikazi choyamwitsa asanawombere. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mutu ndipo sindikuipeputsa. Komabe ku Colorado ovota analetsa kusaka zimbalangondo ndi nyambo kapena agalu, komanso kuzisaka m'nyengo imene zimakhala ndi ana aang'ono, kuyambira 1992, ndipo ulenje wa zimbalangondo sunathe kumeneko. Alenje anangobwerera kukaphunzira mapazi, zitosi ndi mitengo ya zipatso imene chilombocho chimakonda.

Nkhani ya agalu ndi imene yandisowetsa tulo. Mkango wa m'mapiri ndi nyama yobisala, yoyenda yokha ndiponso nthawi zambiri usiku, moti pali anthu amene akalambira m'mapiri amenewo osauonako ndi maso. Mlenje wa agalu amadzuka m'bandakucha chipale chofewa chitangogwa, amayendayenda kufuna mapazi atsopano, ndipo akawapeza amamasula agalu ovala makolala a GPS, osonyeza pamene galu ali, n'kumawatsata pa kachipangizo ka m'manja. Mkangowo uli ndi liwiro koma suchedwa kutha mpweya, choncho ukatopa umakwera mumtengo n'kukhala panthambi, agalu akuuwa pansi. Kuombera nyama imene yakhala panthambi ikukuyang'ana si chinthu chokongola, ndipo zithunzi zake ndi zimene zinakopa mitima ya ovota. Palinso zoipa zina zimene sitingazibise: ana amasiyana ndi amayi awo pothamangitsidwa, agalu amang'ambidwa, ndipo galu sadziwa malire a munda wa mwini.

Koma pansi pa mtengo womwewo pamachitika chinthu chimene njira zina zilibe. Mlenje amatha kuima, kuuyang'anitsitsa mkangowo, kuona ngati ndi waumuna kapena waukazi, wamkulu kapena wanthete, ndipo ngati suli woyenera amamanga agalu ake n'kubwerera kwawo. Akatswiri ofufuza za nyamazi nawonso amadalira agalu omwewa akafuna kugwira mkango kuti auveke kolala. Ndiye taonani zimene zinachitika ku Oregon agalu ataletsedwa. Mikango yophedwa inachepa kwa zaka zochepa, ndipo boma linatsitsa mtengo wa chiphaso chophera mkango kuchoka pa madola 50 kufika pa madola 10, linachiphatikiza m'gulu la ziphaso zina zimene alenje amagula pamodzi, ndipo linatalikitsa nyengo yosaka mpaka inadzafika chaka chonse. Zotsatira zake n'zakuti anthu zikwizikwi opita kukasaka agwape anayamba kuyenda ndi chiphaso cha mkango m'thumba, ndipo akakumana nawo mwangozi amawombera msanga usanazimiririke, opanda mpata wofunsa kuti ndi mayi kapena ayi. Posakhalitsa chiwerengero cha mikango yophedwa chinaposa cha kale. M'chigawo choyandikana cha Washington, kumene ovota 63 mwa 100 alionse anavomereza chiletso chofanana chotchedwa Initiative 655 mu 1996, zinaoneka kuti gawo la mikango yaikazi ndi yaing'ono pakati pa yophedwa linakwera.

Pano ndiyenera kuwadzudzulanso alenje, chifukwa nawo amakokomeza. Amati popanda kusaka kwambiri mikango idzadzaza m'midzi n'kumagwira ana, koma ofufuza a ku Washington State University anapeza kuti kupha kwambiri mikango yaimuna yaikulu kumatsegula malo oti tiana tamphongo tosadziwa zinthu tilowemo, ndipo timeneti ndi timene timavutitsa ziweto. Ku California kusaka mikango mongosangalala kunaimitsidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ovota n'kudzakhomerapo msomali mu 1990, ndipo chigawocho sichinasanduke khola la zilombo. Ku Oregon komweko, ngakhale boma limati mikango inachuluka kuchoka pa 3,000 kufika kupitirira 6,000, munthu woyamba kudziwika kuti waphedwa ndi mkango wakutchire anafa mu 2018, pafupi ndi phiri la Mount Hood.

Ndale za nkhaniyi n'zimene zimaipitsa zonse. Mavoti ambiri ovomereza chiletso amachokera m'mizinda ngati Portland ku Oregon ndi Seattle ku Washington, pamene oweta ng'ombe ndi nkhosa a kum'mawa kwa mapiri, amene amadzuka n'kupeza thole litadyedwa, ambiri amakana, ndipo amamva ngati akulamulidwa ndi anthu amene mkango amangouona pa kanema. Nawonso a m'tauni ali ndi chifukwa chosakhulupirira nthambi za boma, popeza ndalama zambiri zoyendetsera nthambizo zimachokera ku ziphaso za alenje ndi asodzi komanso ku msonkho wa mfuti ndi zipolopolo umene unakhazikitsidwa ndi lamulo la 1937. Wolipira ndiye amamveka mawu, ndipo n'chifukwa chake mabungwe oteteza nyama ngati Humane Society of the United States amadumpha nthambizo n'kupita kwa ovota. Ku Maine anayesa kawiri, mu 2004 ndi mu 2014, kuletsa nyambo, agalu ndi misampha m'funso limodzi, ndipo maulendo onse awiri anagonja; ulendo wachiwiriwo ogwira ntchito m'boma anaonekera m'zotsatsa za pa wailesi yakanema atavala yunifomu, akuuza anthu kuti akane. Ndimakhulupirira kuti funso likanakhala la nyambo yokha, mkangano ukanakhala wina. Ku Utah anachita kutseka chitseko mu 1998 posintha malamulo kuti funso lililonse la anthu lokhudza kasakidwe ka nyama lizifuna magawo awiri mwa atatu a mavoti, zimene kwa ine ndi mantha chabe. Ndipo mu 2024 ovota a ku Colorado, chigawo chomwe chija chinaletsa nyambo, anakana Proposition 127 yofuna kuletseratu kusaka mikango ya m'mapiri, umboni wakuti akafunsidwa zinthu padera amatha kuzisiyanitsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri chili m'lamulo la ku Washington lija. Linasiya mpata woti nyambo ndi agalu zigwiritsidwe ntchito poteteza katundu, ndipo makampani a matabwa, amene mitengo yawo yaing'ono imasendedwa makungwa ndi zimbalangondo zanjala zikangodzuka ku tulo ta m'nyengo yozizira, anapitiriza kwa zaka zambiri kulandira zilolezo zoti alenje a agalu azipha zimbalangondo m'minda yawo ya mitengo, mpaka nkhaniyo inakafika kukhoti. Mlenje wamba anamangitsidwa agalu ake pakhomo, koma agalu a mtundu womwewo ankauwabe m'nkhalango za makampani, m'miyezi yeniyeni imene zimbalangondo zazikazi zimakhala zikuyamwitsa.