Amakaniko, yezani kaye batire musanadyere munthu ndalama

Lero ndiye ndakwiya, ndipo wofuna kukhumudwa akhumudwe.

Achemwali anga a ku Area 25 ali ndi kagalimoto kawo ka Vitz. Chiyambireni Juni, kakhala kakuvuta kulira m'mawa uliwonse. Ukapotoza kiyi kamangoti rrr, rrr, mwaulesi, magetsi a pa dashibodi n'kumazilala, kenako tche tche tche, zii. Koma dzuwa likangotentha kamalira kamodzin'kamodzi. Poti n'kaotomatiki, ngakhale kuitana anyamata kuti akankhe sikuthandiza. Anapita nako ku galaja ina, dzina sinditchula. Makaniko anangotchera khutu, manja ali m'thumba, n'kuti, "Mayi, sitata yatha iyi." Anagula sitata. M'mawa mwake zomwezo. Atabwerera, akuti ndi pampu ya mafuta. Anagula. Kenako akuti mapulagi. Malipiro a mwezi kuthera pa zitsulo zomwe sizinalakwe kanthu, uku ana akuchedwa kusukulu tsiku ndi tsiku.

Dzulo mnyamata wina wa zamagetsi a galimoto anangoika mita yoyezera mphamvu ya magetsi pa batire. Silinafike n'komwe pa 12 volts. Ma terminal, pomwe mawaya amamangidwa pa batire paja, atachita ufa woyera mobiriwira, ina ikugwedera ndi dzanja lokha. Ndiye muuze ine, sitata inalakwa chiyani?

Yezani batire, abale anga. Galimoto ikamakana kulira mbandakucha n'kumavomera masana, woyamba kufunsidwa ndi batire. Osati sitata, osati pampu, osati kompyuta ya galimoto yomwe mumaopsezera nayo azimayi. Batire. Ndipo kuyeza kwake si ntchito yoti mpaka munthu atuluke thukuta. Batire labwino, galimoto itagona usiku wonse, limawerenga cha m'ma 12.6 volts. Likamasewera pa 12.2 ndiye kuti moto watsala theka. Wina apotoze kiyi inu mukuyang'ana mita: likagwa mpaka pansi pa 10, latopa limenelo, ngakhale kunja likuwala bwanji. Injini ikalira, mita ikwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ikapanda kutero ndiye kuti alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, batire latsopano nalonso lifa imfa yomweyo. Zonsezi mphindi zisanu sizikwana. Mphindi zisanu! Koma munthu wolemba chikwangwani chachikulu pakhomo pa galaja akulephera kukhala ndi kamita kamodzi, chida chomwe ngakhale wokonza mawailesi pamsika amakhala nacho.

Makaniko wosayeza ndi woombeza maula basi, kungoti wavala ovolosi. Amangotchula chomwe chamubwerera m'mutu, chikalephera atchule china, ndipo wolipira ulendo uliwonse ndi mwini galimoto. Iye satayapo kanthu. Sitata yabwinobwino yomwe anachotsa ija mukuganiza ili kuti? Ikudikira kasitomala wina.

Musandiuze kuti ndi chisanu. Inde, kuzizira kumafooketsa batire, oilo amakhuthala, injini n'kumalemera. Koma chisanu cha Lilongwe n'chingati? Juni ndi Julayi kukazizira kwambiri ndiye cha m'ma 10 digiri kapena kutsikirapo pang'ono m'mawa. Magalimoto omwewa ku Japan amalira pa chipale chofewa. Batire lamoyo silingagonje ndi kamphepo ka ku Kanengo. Chisanu chimangoulula batire lomwe linapsa kale ndi dzuwa la Okutobala, kapena lomwe linabwera ndi galimotoyo pa sitima, n'kukhala padoko la Dar es Salaam, n'kudutsa pa Songwe, mpaka lero palibe analiyang'anapo.

Ndipo nthawi zina si batire lenilenilo, ndi ma terminal okha. Kumasula, kuyamba ndi ya negative, kutsuka ndi madzi otentha ndi soda yemwe timathira mu therere uja, kupala bwinobwino, kumanganso molimba. Basi. Koma ntchito imeneyi ilibe ndalama, n'chifukwa chake saiona. A magalimoto a dizilo nanunso, ma heater plug, omwe amatenthetsa m'kati mwa injini isanalire, amayezedwa limodzi limodzi, sikuti munthu akangoona utsi woyera m'mawa akuuzeni zogwetsa pampu yonse. Ndipo dikirani kagetsi kopiringizika ka pa dashibodi kaja kazime musanalize, musamangopotoza ngati mukuthamangitsidwa.

Eni magalimotonso mumandinyansa pena. Safunsa adadya phula. Munthu akukuuzani kuti chitsulo chatha, inu n'kungoti "chabwino bwana", dzanja lili kale m'chikwama. Mufunseni wayeza chiyani. Akuonetseni nambala ndi maso anu. Akachotsa chitsulo chakale, chitengeni, n'chanu. Akakwiya chifukwa mwafunsa, tengani kiyi wanu muzipita, magalaja mu Lilongwe muno ndi mbwee, kuyambira ku Biwi mpaka ku Area 49. Wosayeza asakhudze galimoto yanu. Asakhudze!

Ndiye pali enanso awa, aneba anga ena. Faifi koloko m'mawa, mdima uli bii, galimoto ikangolira amaponda moto mpaka pansi, vuuu, vuuu, theka la ola lathunthu, akuti akutenthetsa injini. Mukutenthetsa chiyani, akulu? Oilo asanafike n'komwe kumtunda inu mukuikalipira injini chonchi? Galimoto za injection zimenezi n'zoliza, kudikira pang'ono, n'kumapita mwapang'onopang'ono. Mafuta omwe munagonera pamzere aja mukuwotchera pakhomo, utsi wonse kulowa pawindo la kuchipinda kwanga, mwana wadzuka akulira, agalu a mzere wonse akuuwa. Mawa mukayambanso ndikubwera konko ndi chitenje changa chomwechi.