Mgodi ukagulitsidwa, chasintha kwenikweni n'chiyani?

Mukukumbukira phunziro la sayansi lija la zitini ziwiri? Mumadzala mbewu za mtundu umodzi, dothi lofanana, madzi ofanana, kenako chitini china mumachiika padzuwa, china m'kabati. Pakatha masiku, ya m'kabati ija imatuluka yayitali koma yowonda, masamba ali achikasu. Mumanena molimba mtima kuti vuto ndi mdima, chifukwa n'chokhacho chimene munasintha. Mukadaiwalanso kuithirira, simukadadziwa ngati yafooka ndi mdima kapena ndi kusowa madzi.

Abale anga, zitini zimenezi zimandibwerera m'maganizo anthu akamakangana za chuma cha dziko chimene chili m'manja mwa makampani akunja. Ena amati alendo ndi akuba basi. Ena amati boma silingayendetse kanthu. Onsewa amaloza chinthu chimodzi, pomwe zosintha zimakhala zambirimbiri.

Taonani za mkuwa ku Zambia. Boma linatenga gawo lalikulu la migodi cha m'ma 1970, dzikolo likukumba matani oposa 700,000 pachaka. Pofika 2000, pamene migodi ikuluikulu ya ZCCM, kampani ya boma yokumba mkuwa, inkagulitsidwa, mkuwa unali utatsikira pafupifupi matani 250,000. Alendo atalowa, unakweranso. Ndiye wina amangoti, "Mwaona? Mankhwala ake anali kugulitsa."

Dikirani kaye. Mtengo wa mkuwa unayamba kugwa cha m'ma 1975 ndipo unakhala wofooka zaka zambiri. Mu 2002 tani imodzi sinkafika madola 2,000. Pofika 2006 inali itadutsapo madola 8,000, chifukwa China inkagula mkuwa wochuluka zedi. Mwini wasintha, mtengonso wasintha. Zitini zathu zasokonekera. Ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti Anglo American, kampani yakunja yodziwa bwino migodi, inasiya mgodi wa Konkola mu 2002 mtengo uli pansi. Nayonso sinapirire.

Sindikunena kuti ZCCM inkayenda bwino ayi. Makina anakalamba, ndalama zokonzera zinkasowa, ndipo ogula aja anabweretsadi ndalama. Chimene chimandipweteka ndi mapangano amene anasainidwa pogulitsa: msonkho wa pa mkuwa wokumbidwa unali 0.6 peresenti yokha. Mtengo utakwera kanayi, mwana wa wokumba mgodi ku Kitwe anaona zochepa kwambiri. Msonkhowo anadzaukweza mu 2008, ndalama zambiri zitapita kale.

Ku Botswana nako kuli mlendo, De Beers, kampani yokumba diamondi. Koma kampani ya Debswana anagawana pakati ndi pakati ndi boma, ndipo phindu lalikulu la diamondi limatsala m'dzikomo. Alendo ali konsekonse, koma mapepala amene anasaina ndi osiyana.

Dziko sungaliike m'kabati kuti uyese. Zaka sizibwerera. N'chifukwa chake sindikhutira ndi funso loti mwini wake ndi wochokera kuti. Wina akabwera kudzagula mgodi, doko kapena kampani ya magetsi, ine ndikufuna panganolo liwerengedwe poyera. Msonkho ndi wochuluka bwanji, ndipo aumanga zaka zingati? Mtengo ukakwera, boma lipezapo chiyani? Nanga mwala ukadzatha iwo n'kunyamuka, adzakwirire maenje ndi kuyeretsa mitsinje ndi ndani?