Maganizo anga: Peach uja sanali wofooka, padi yosewerera gemu yokha ndi imene ankamumana

Abale anga lero ndilankhuleko za magemu, amene mumati izi ndi za ana dutsani bwino palibe mlandu kkk. Loweruka lapitali ndinali kwa achemwali anga, ndiye kamwana kawo kakakazi kazaka 9 kali pansi pamkeka kakusewera Mario, kenako kangotembenuka nkundifunsa kuti “ankolo kodi Peach ameneyu bwanji amangobedwa daily, kunyumba kwakeko kulibe alonda?” Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi koma pobwerera mu minibasi funsolo linandikhala pamtima, chifukwa ine ndakula ndi munthu ameneyu ndipo sindinadzifunsepo.

Amene tinakula ndi TV game ija mukukumbukira. Katiriji yachikasu yolembedwa 9999 in 1 pomwe mkatimo muli magemu asanu okha ongosintha mayina, ikavuta kuichotsa nkuiuzira mpweya ngati tikukoleza mbaula, adaputa kutentha mpaka amayi kukuwa kuti zimitsani muononga TV. Super Mario Bros. imeneyo inatuluka ku Japan mu 1985, ife inatipeza mochedwa koma inatipeza ndithu. Nkhani yake tonse tinkaidziwa popanda wotiuza, kuti kuli mwana wamkazi wa mfumu, Peach, wabedwa ndi chikamba chachikulu cholavula moto, Bowser, ndipo iwe uthamange ukamupulumutse. Maiko 8, malevulo 32. Ukamaliza dziko loyamba wagwetsera chikamba chija mumoto, mtima uli phaa, ukungopeza kamunthu kamutu wa bowa kotchedwa Toad kakukuthokoza nkukuuza kuti mfumukazi ili kunyumba ina yachifumu. Kasanu ndi kawiri konse akuuza zomwezo! Ambiri a ife sitinamuoneko nkomwe Peach, magetsi amazima tili ku 5 kapena 6 ndipo gemu ija inalibe zosunga pomwe wafika, mawa kuyambiranso pa 1. Ine tsiku lomwe ndinafika ku 8-4 ndinakhumudwa pang'ono, kamunthu kakang'ono kadiresi yoyera tsitsi lofiirira, kangothokoza mizere yochepa basi gemu yatha. Thukuta lonse lija.

Koma chimene ndinadzadziwa nditakula ndi ichi, ndipo ndi pamene maganizo anga ayambira. Mu kabuku kamene kankabwera ndi gemu yeniyeni ya kampani ya Nintendo, osati zathu zachikasu zija, analembamo chifukwa chomwe Bowser anamubera. Sikunali kufuna banja ayi. Anthu a mu Ufumu wa Bowa anawalodza nkuwasandutsa miyala, njerwa ndi zomera, ndipo munthu yekhayo amene akanatha kutsukula ufitiwo anali mwana wa mfumuyo. Ndiye kuti anamutsekera chifukwa chomuopa. Munthu wamphamvu kuposa onse m'dzikomo ndi amene tinkamuona ngati katundu wotayika wofunika kukatenga. Ndipo pena ndimaseka ndekha, njerwa zonse zija tinkaphwanya ndi mutu kufuna makobili, si abale ake a Toad amenewo? Tisiye pomwepo.

Chinanso, amati ndi mwana wa mfumu koma bambo akewo munawaonapo mu gemu? Kabuku kaja kanangowatchula, basi. Amene amakhala kunyumba yachifumu, kulandira alendo, kuitanitsa anthu ku zikondwerero, ndi Peach yemweyo. Kwathu kuno munthu wotero timati ndi mfumu, sitimati mwana wa mfumu zaka 40.

Dzina lakenso linali ndi kachisokonezo. Ku Japan anali Peach kuyambira pachiyambi, koma ku America ndi ku Ulaya ankamutcha Princess Toadstool mpaka cha m'ma 90, ndipo Super Mario 64 ya 1996 ndi imene inakhazikitsa dzina la Peach kwa aliyense, mu kalata ija yoitana Mario kuti abwere kudzadya keke. Keke! Munthu kusonkhanitsa nyenyezi 70, kulowa m'zithunzi, kumira m'madzi, kumugwira Bowser mchira nkumuzunguza katatu konse, malipiro ake kukisidwa pamphuno ndi keke. Mario ndi munthu wopirira inu.

Tsopano taonani zomwe zimachitika akangomupatsa mpata. Mu 1988 ku America kunatuluka Super Mario Bros. 2, imene kwenikweni inali gemu ina ya ku Japan yotchedwa Doki Doki Panic anangoisintha anthu ake. Mmenemo umasankha pakati pa Mario, m'bale wake Luigi, Toad ndi Peach. Aliyense amene anaisewera akuuzani kuti ukafuna kudutsa malo ovuta umatenga Peach, chifukwa akadumpha nkugwira batani amayandama m'malere kanthawi ndithu, diresi ili ngati ambulera, maenje amene Mario amagweramo iye amangowoloka ngati palibe kanthu. Anali wochedwa pozula zinthu pansi inde, koma moyo amasunga. Ndiye mukudziwa mmene gemuyo imathera? Zonse zinali maloto a Mario ali mtulo. Kungomupatsa mpata kamodzi kokha, nkunena kuti anali maloto, mxiii.

Kuchoka apo mu magemu akuluakulu odumphadumpha a Mario anadikira mpaka 2013, mu Super Mario 3D World, kuti aseweredwenso. Zaka 25. Pakati apo mu 2009 anatulutsa New Super Mario Bros. Wii yosewera anthu anayi nthawi imodzi, ndiye mmalo moika Peach anaika ma Toad awiri, wina wabuluu wina wachikasu, iye nkubedwanso pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake ndi adani obisala mu chikeke chachikulu. Shigeru Miyamoto, mwini wake wa Mario, atafunsidwa anafotokoza kuti ma Toad thupi lawo ndi lofanana ndi la Mario pomwe diresi ikanafuna ntchito yapadera kuti iziyenda bwino pa sikirini. Ine mkuluyu ndimamulemekeza kwambiri, ubwana wanga wonse ndi iyeyu, koma apa sanandigwire mtima. Mu 1988 pa kamakina kofooka kaja diresi inatheka, mu 2009 yavuta?

Chodabwitsa nchoti kumbali, mu magemu amene si a nkhani yaikulu, Peach wakhala akumenya anthu mwakachetechete. Mu Super Mario Kart kuyambira 1992 ali pa chiwongolero limodzi ndi Bowser yemweyo, kuponyerana zigoba ngati sipanachitike kanthu. Mu Super Mario RPG ya 1996 amalowa nawo gulu lankhondo, amachiritsa anzake ndipo chida chake champhamvu ndi chiwaya, chiwaya chenicheni chokazingira mazira. Mu gemu yomenyana ya Super Smash Bros. Melee ya 2001 amazula timbatata toyera tankhope pansi nkukugenda nato, kukumenya ndi ndodo ya gofu, ndipo ukamuponyera chibakera amatulutsa Toad nkumuika kutsogolo ngati chishango kkkk. Ndiye mundiuze, mayi woti amatha kumuulutsa Bowser kunja kwa bwalo ndi chiwaya, akafika kwawo angonyamulidwa ngati thumba la chimanga akukuwa “Mario”? Nkhani yake sikugwirizana. Olemba ndi amene ankafuna chifukwa chachangu choti Mario athamangire kumanja, ndipo chifukwa chotchipa kwambiri chinali kumuba mtsikana.

Pena mpaka zinafika pa manyazi. Mu Super Mario Sunshine ya 2002 kamwana ka Bowser kakumuuza kuti ndinu amayi anga, iye nkuima kudabwa ngati akuganizira kuti mwina nzoona. Mayi angaiwale kuti anabereka kamba?

Nintendo itaganiza zomupatsa gemu yakeyake, Super Princess Peach pa kamakina kam'manja ka DS mu 2005, zinthu zinatembenuka, Mario ndi Luigi ndi amene agwidwa iye akukawapulumutsa ndi ambulera yolankhula dzina lake Perry. Poyamba ndinasangalala. Koma mphamvu zomwe anamupatsa ndi izi: akakwiya amayaka moto, akalira misozi imathirira mbewu nkumera ndipo amathamanga kwambiri, akasangalala amauluka, akadekha amachira. Ndiye kuti anakhala pansi anthu akuluakulu mu ofesi nkugwirizana kuti mwamuna mphamvu zake azizipeza mu bowa ndi maluwa a moto, koma mkazi zake zikhale kulira ndi kupsa mtima. Gemuyo payokha ndi yokoma, ndinaisewera mpaka kumapeto pa DS yobwereka, koma kanthu kameneka kanandinyansa ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Kwa ine nthawi imene Peach anakhala munthu weniweni si pomwe anagwira lupanga kapena kumenya chibakera. Ndi kumapeto kwa Super Mario Odyssey, 2017. Amene simunaisewere pepani ndikuululirani, zaka zapita zambiri. Bowser ulendo uno wabwera ndi suti yoyera, wamuba kuti amukwatire basi, zija kumpoto amati kusomphola, ndipo walemba ganyu akalulu anayi ngati komiti ya ukwati. Akuzungulira maiko kulanda zofunika, uku diresi, uku mphete, uku maluwa, uku keke, mpaka mphika wa ndiwo za alendo, popanda ankhoswe popanda kufunsa mwini wake. Ukwati wake kumwezi. Mario wavutika wafika, wamupulumutsa, ndiye pamene tonse tikudikira kakisi kaja kapamphuno, Bowser wadzuka ndi maluwa ake oluma aja kuyamba kufunsira, Mario naye kuthothola duwa lake kuyamba kukankhana naye, onse awiri kumukanikiza maluwa kumaso ngati mavenda a mu depoti akulimbirana kasitomala mmodzi. Peach anangowakalipira kuti zakwana, nkuwasiya onse awiri poteropo kukakwera chombo. Ndinaimirira pampando ine. Ndipo ukamaliza gemu ukumupeza akuzungulira maiko onse aja ndi mnzake Tiara, wavala zapaulendo, uku chipewa chadzuwa uku jekete yamphepo, kukaona malo amene poyamba anangodutsamo ali womangidwa. Sanamenye munthu, anangokana, ndipo kukana kumeneko kunawawa kuposa chiwaya.

Pali anzanga ena amati zonsezi ndi kuononga Mario, amati mfumukazi izikhala yopulumutsidwa chifukwa ndi mmene zinayambira. Mnzanga wina titaonera filimu ya Mario ya 2023 ija, mmene Peach akuphunzitsa Mario kudumpha ndipo wogwidwa ndi Luigi, anatuluka akudandaula kuti amusandutsa mwamuna. Aise, filimuyo inapanga ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola, palibe chomwe chinaonongeka. Koma pang'ono pokha ndimamumvetsa, chifukwa inenso sindifuna Peach amene wangokhala Mario wovala wigi. Diresi ya pinki ikhale, ulemu wake ukhale, keke aziphika ndithu ngati akufuna. Vuto silinali diresi. Vuto linali loti mwana wamkazi akakhala pansi kuti asewere, munthu yekhayo wofanana naye pa sikirini anali mu khola kudikira.

Ndipo Nintendo ikudziwa kupanga akazi osadikira ikafuna. Pauline amene ananyamulidwa ndi chinyani mu Donkey Kong mu 1981, mu Odyssey ndi meya wa mzinda wa New Donk City ndipo amaimba ndi bandi yake. Rosalina wa mu Super Mario Galaxy anabwera mu 2007 ali kale ndi nkhani yake yomvetsa chisoni. Zelda, mwana wa mfumu wa mu magemu ena a Nintendo, amene dzina lake lili pa bokosi la gemu kuyambira 1986 koma wosewera ndi mnyamata wotchedwa Link, naye mu 2024 anamupatsa Echoes of Wisdom kuti atsogolere yekha. Ndiye si kuti sankatha.

Chaka chomwecho cha 2024, mu March, kunatuluka Princess Peach: Showtime! pa makina a Switch, patatha zaka zoposa 18 chitulukire ija ya misozi. Mulibe Mario, mulibe Bowser. Peach wapita kukaonera zisudzo ku Sparkle Theater, mfiti ina yotchedwa Grape yalanda holo yonse, iye nkumalowa mu sewero lililonse kusintha zovala ndi luso, pena walupanga, pena ninja, pena wapolisi wofufuza milandu, pena wophika makeke, pena wa kung fu. Maganizo ake ndi abwino kwambiri ndipo ninja uja ndinamukonda. Koma apa ndi pomwe ndili ndi dandaulo langa latsopano, gemuyi ndi yophweka mopitirira muyeso. Mabatani awiri basi, kufa nkovuta kuposa kupambana. Zikukhala ngati anaganiza kuti poti ambiri ogula ndi atsikana tiwafewetsere. Ife Mario wa 1985 sanatimvere chisoni tili ndi zaka 8, tinkafa pa dzenje lomwelo ka 20 nkumabwereranso, nanga atsikana a lero analakwa chani kuti aziwanyengerera chonchi?

Kamwana ka achemwali kaja Showtime kanamaliza masiku ochepa nkuitaya uko, pano kabwerera ku Super Mario Bros. Wonder komwe kamasankha Peach nthawi zonse, ndipo pa Mario Kart Loweruka lomwelo kanandipitirira katatu motsatizana ine ndili ndi Bowser wanga, kenako nkundiuza kuti “ankolo mwina muyesere Toad, ndi wopepuka.” Sabata yamawa ndikupitanso, ndipo padi yabwino ija ndikatenga ine, kaja kakagwire yothyoka batani.