Freddy anapita kalekale koma mlatho wa kumudzi kwathu ukadali pansi

Abale anga ndakhala ndikuzisunga mumtima koma lero ndilankhuleko basi. Ndangofika kumene ku Lilongwe kuno kuchokera kumudzi kwa amayi anga, kumwera uko, ndinapita kukasiya feteleza komanso kukaona agogo. Minibasi inatitsitsa pa tiledingi, ndakwera njinga yamoto, tayenda pang'ono mnyamata uja waima, akuti achimwene tsikani apa tiwoloka wapansi. Mlatho umene unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 uli chomwecho mpaka lero. Kwangotsala zipilala ziwiri za simenti, zitsulo zili njoo kuloza kumwamba. Anyamata a m'mudzimo anagoneka mitengo inayi ya bulugamu nkukhomerapo matabwa, wowoloka aliyense amasiya kangachepe koti azigulira misomali. Ine bambo wamphamvu zanga thumba lili paphewa miyendo imachita kunjenjemera, nanga mayi woyembekezera amene matenda amuyamba pakati pa usiku awoloka bwanji pamenepo?

Tonse tikukumbuka mmene zinalili. Matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu kufafanizika, Mulanje, Phalombe, Chikwawa, Nsanje madzi okhaokha. Anthu oposa 1,000 anatisiya, oposa 600,000 anasowa pokhala nkukadzadza m'masukulu ndi m'matchalitchi. A Chakwera analengeza kuti kumwera kwagwa ngozi, tinalira maliro a dziko masiku 14. Ife kuno tinasonkha zovala, ufa, mabulangete, masoya, mathiraki kumanyamuka kupita ku Blantyre. Pamenepo Amalawi tinaonetsa umunthu, palibe angatsutse. Koma makamera atachoka, makampu atatsekedwa, anthu aja anabwerera kumidzi yopanda milatho, mijigo itakwiririka, makalasi alibe denga. Kauniuni amene anachitika pambuyo pake anapeza kuti kukonza zonse kukufunika ndalama zoposa $600 miliyoni. Ndalama zimenezo sizingapezeke tsiku limodzi, ndikudziwa. Chimene chikundiwawa ine ndi chakuti zazikulu zimakonzedwa, zazing'ono zimene munthu wakumudzi amapondapo tsiku ndi tsiku zimangoiwalika.

Taonani, namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi kumazima dziko lonse, kuno ku Lilongwe timagona mumdima, ma barbershop ndi owotcherera kumangokhala. Aliyense anakuwa, ndipo Kapichira anakonzedwa. M1 ikaduka imakonzedwa msanga chifukwa mathanka a mafuta amadutsa pomwepo, ndipo ili m'manja mwa Roads Authority. Koma kamsewu kafumbi kopita kuchipatala chaching'ono, kalavati ya pa dambo, mlatho wa ana asukulu, zimenezo zimagwera khonsolo. Ndiye khonsoloyo ili ndi chani m'thumba? Ziphaso za m'misika, malaisensi a mabizinesi, ndi ndalama zodikira kuchokera ku Capital Hill zimene zimabwera mochedwa komanso zoperewera. Mwamupatsa munthu munda waukulu khasu mwamumana.

Komabe makhonsolo asabisale kumbuyo kwa umphawi ayi. Ndinafunsa amalume anga amene ali mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, akuti mlathowo anaulemba kale kangapo, mapepala anapita, kunabwera anthu pa galimoto kudzayeza ndi tepi nkujambula zithunzi, kuchoka apo zii. Palibe anabweranso kudzanena kuti abale chaka chino ndalama palibe, kapena mlatho wanu uli nambala yakuti pa mndandanda. Kukhala chete kumeneko nkumene kumapweteka kuposa kusowa kwa ndalamako. Kodi kumata pepala pa bolodi ya ku ofesi kapena kulengeza pa wailesi ya m'dera kuti talandira zakuti, tagwiritsa ntchito pakuti, kontirakita ndi wakuti ndipo amaliza mwezi wakuti, kumafuna madola? Ndalama za CDF, zija za chitukuko cha m'dera la phungu, nazo timangomva dzina, pena zimakamanga kanyumba kodikirira basi pomwe anthu akuwoloka mtsinje pa mitengo. Tinakhala zaka kuyambira 2005 mpaka 2014 opanda makhansala, titawasankha tinkati tsopano tapeza wotiyankhulira pafupi. Khansala ameneyo azibwera kudzatiuza zoona, ngakhale zikhale zowawa.

Ndipo anzanga a mu Lilongwe tisamaone ngati izi nza kumwera kokha. Freddy sanatipeze kwenikweni kuno koma madzi timawadziwa. 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire anthu kumakwera pa madenga, ndipo Kaliyeka, Kawale, Biwi, Mchesi, mvula ikagwa yamphamvu anthu sagona tulo. Kwathu kuno ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yadzadza majumbo, mabotolo ndi mchenga, mvula ya ola limodzi madzi amalowa mpaka pa khonde. Apa vuto lina ndi lathu lomwe, tisanamizane, zinyalala timataya ndife, mchenga m'mitsinje timakumba ndife, nyumba m'mphepete mwa mtsinje timamanga ndife. Koma amene ali ndi mphamvu yoletsa, ndi yopezera anthu malo ena abwino, amaonerera maziko akukumbidwa mpaka nyumba kufika pa denga, kenako madzi akabwera nkumati anthuwa ndi osamva.

Chinanso ndi nthawi yogwirira ntchito. Chilimwe chonse kuyambira May mpaka October nthaka ili gwaa, mitsinje yaphwa, palibe chochitika. Mvula ikangoyamba mpomwe mumaona giredala ikupalasa matope ndi anthu akuthira simenti m'madzi. Ntchito yotero singalimbe, chaka chamawa tilipiranso kachiwiri. Aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023 momwemo, ndi chinthu chabwino, koma lamulolo lifike pansi, ndalama zokonzera zizipita ku maboma mvula isanayambe, osadikira kuti kufe anthu kaye. Agogo amakamba za napolo wa ku Phalombe wa 1991 ngati zadzulo, kenako tinaona madzi a 2015, Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Freddy 2023. Palibe anganene kuti zinatidzidzimutsa.

Pobwerera agogo anandiperekeza ndi ndodo yawo mpaka pamtsinje paja. Anangoti mdzukulu wanga mvula ikayamba usadzivute kubwera, mitengo iyi madzi amaitenga chaka chilichonse, tidzaonana April. Mankhwala awo a BP amakatenga tsidya linalo.