Malume Jason ankaba, koma machesi ankagwira ndi mayi ake

Mwa anthu onse a m'mabuku amene ndawerengapo, palibe amene amandinyansa ngati Jason Compson wa m'buku la William Faulkner, The Sound and the Fury, lomwe linatuluka mu 1929. Munthuyu sanaphe aliyense. Ndi kalaliki wamba m'sitolo ya zipangizo zaulimi ku Jefferson, tauni ya ku Mississippi yomwe Faulkner anaipeka potengera kwawo ku Oxford. Koma lero ndikufuna ndikangane ndi onse amene amati banja la Compson linapasuka chifukwa cha Jason yekha, kapena chifukwa cha mimba ya mlongo wake Caddy. Ine chala changa chikuloza kuchipinda cham'mwamba, komwe kwagona mayi awo, a Caroline, atadziika kansalu ka mankhwala pamphumi.

Kwa amene simunawerenge: banjali kale linali la mwanaalirenji, la minda ndi akapolo. Pofika 1928 chatsala ndi dzina basi ndi chinyumba chakutha. Anagulitsa busa lawo lomaliza kuti mwana woyamba, Quentin, akaphunzire ku yunivesite ya Harvard komanso kuti ukwati wa Caddy ukhale wapamwamba. Quentin anakadziponya mumtsinje mu 1910. Bambo awo mowa unawatenga mu 1912. Caddy anakwatiwa ali kale ndi pakati, mwamuna wake Herbert Head atazindikira anamusiya, ndipo ntchito ya kubanki yomwe Herbert analonjeza Jason inathera pomwepo. Khandalo, lomwe analitchanso Quentin ngakhale linali lalikazi, analitumiza kwa agogo ake.

Ntchito ya kubanki imeneyo, yomwe sanaigwirepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndiyo nyimbo ya Jason moyo wake wonse. Akaba, akuti akungobweza zake. Akazunza, akuti anayamba ndi ena.

Taonani zimene anachita pa maliro a bambo ake. Caddy wabwera mozemba, waima patali kumanda mvula ikugwa, akupempha kuti angoona mwana wake kamphindi chabe. Jason akuti bweretsa ndalama. Walandira madola 100. Madzulo wakwera ngolo ya akavalo ndi khandalo, atafika pomwe Caddy akudikira walinyamula pawindo, kenako wauza woyendetsa kuti akwapule akavalo. Mayi wa mwana watsala akuthamangira ngolo mumsewu. Ndipo Jason pofotokoza nkhaniyi sachita manyazi, akuti pangano linali loti amuone, ndiye wamuona.

China ndi cha matikiti. M'tauni mwabwera chionetsero, ndipo Luster, mdzukulu wa Dilsey mayi wachikuda amene amaphikira banjali, akulakalaka kupita koma alibe ndalama. Jason ali ndi matikiti awiri aulere omwe sakuwafuna n'komwe. Akuuza mnyamatayo kuti agule imodzi ndi masenti 5. Mnyamata alibe. Jason akuponya matikitiwo pamoto, imodzi kenako inzake, mwana akuyang'ana. Apa sanapindulepo kalikonse. Ndi pamene ndinaonera kuti kwa iye ndalama si yogulira zinthu, ndi chikwapu.

Tsono nkhani ya macheke. Mwezi uliwonse Caddy amatumiza madola 200 a mwana wake. A Caroline analamula kuti dzina la Caddy lisatchulidwe m'nyumba mwawo, ndipo ndalama za mkazi wochimwa sangazidye. Ndiye mwezi ukatha pamakhala mwambo: Jason abweretsa cheke, mayi ayatsa machesi, awotcha, akudandaula za mtanda womwe asenza. Chomwe akuwotchacho ndi cheke chabodza. Chenicheni Jason wasunga, zaka pafupifupi 15, kwinaku akutchova njuga pa mitengo ya thonje ya ku New York kudzera pa telegalamu, n'kumaluza, n'kumatukwana Ayuda.

Funso langa ndi ili: akanakhala kuti mayiwa ankalandira ndalamazo n'kugulira mdzukulu wawo nsapato, Jason akanaba bwanji? Kunyada kwawo ndiko kunamutsegulira khomo. Ndi mayi omwewa amene ankanena poyera kuti mwa ana awo onse Jason yekha ndiye wakwawo, wa mtundu wa Bascomb, enawo ndi a Compson. Ndi omwewa amene atazindikira kuti mwana wawo wotsiriza ali ndi vuto la ubongo anamuchotsa dzina la mlongo wawo, Maury, n'kumutcha Benjamin (Benjy), kuopa kuti dzina la kwawo lingadetsedwe. Ana ankakula mayi ali chigonere, akudwala matenda osaoneka, wolera ana ali Dilsey. Mwana amene wakula akuuzidwa kuti iye ndi wabwino ndipo abale ake ndi chilango cha Mulungu, mukuyembekeza kuti akadzagwira makiyi a nyumba adzachita chifundo?

Ena mudzati mayiwa ananamizidwa, sankadziwa. Ine ndimati sankafuna kudziwa. Mwini sitolo Earl ankadziwa kuti madola 1,000 omwe mayiwa ankaganiza kuti ali mu bizinesi Jason anagulira galimoto. Dilsey ankaona zonse. Munthu yekhayo amene sankaona kanthu ndi amene kusaonako kunkamukomera.

Ife Achewa nkhaniyi imatiluma mwapadera chifukwa Jason ndi malume, mwini mbumba. Ndipo tisanamizane, tonse tamvapo za mayi amene ali ku Joni akutumiza ndalama za fizi mwezi ndi mwezi, mwana akuthamangitsidwa kusukulu, malume akukhoma malata, agogo ali chete chifukwa amene akudyayo ndi mwana wawo wapamtima.

Chimene Faulkner anachita bwino n'chakuti gawo lachitatu la bukuli, la pa 6 April 1928, anamusiya Jason kuti adzilankhulire yekha. Mukatopa ndi maganizo osokonekera a Benjy ndi mkulu wake Quentin m'magawo awiri oyambawo (ndipo amatopetsadi, ambiri amalitaya buku pamenepo), mawu a Jason amamveka bwinobwino, nthabwala zake zimaseketsa, mpaka umayamba kumumvera chisoni kuti akudyetsa yekha nyumba yonse. Umadzidzimuka utagwedeza kale mutu kuvomereza wakuba.

Usiku wa Loweruka, m'mawa mwake muli Pasaka, mtsikana Quentin, wa zaka 17, anathyola windo la chipinda cha malume ake, anatenga ndalama m'bokosi, anatsikira mumtengo n'kuthawa ndi mwamuna wa kuchionetsero kuja. Jason anauza mkulu wa apolisi kuti zabedwa ndi madola 3,000. M'mawu owonjezera omwe Faulkner anatulutsa mu 1946 timamva kuti zinali pafupifupi 7,000, koma sakanatchula zonse chifukwa zambiri zinali za mtsikana yemweyo. Wapolisiyo anakana kumuthandiza.

Owerenga ambiri amaomba m'manja pamenepa. Ine ayi. Mtsikanayo sanamvekenso. Ndipo a Caroline atamwalira mu 1933, Jason anatumiza Benjy kuchipatala cha amisala ku Jackson, anagulitsa nyumba, n'kusamukira kumaofesi a bizinesi yakeyake yogula thonje.