Pemphero la Anamwino Oitanidwa ku Intavyu ya Ntchito ya Kundende

Anzanga anamwino a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje amene maina anu atuluka, ndi inu makolo, amuna ndi akazi awo amene mukuthamangathamanga kufuna ndalama ya ulendo, tiyeni tipemphere limodzi. Pamene pakukhudzani, bwerezani mokweza.

Atate wathu wakumwamba, Mulungu wa Yosefe, Inu amene munali naye m'ndende ya ku Ejipito ndi kum'patsa chisomo pamaso pa mkulu wa ndendeyo, tabwera kwa Inu. Tikuthokoza kuti pakati pa ambiri amene analemba makalata, ife mwatilola kukaonekera. Landirani ulemu.

Tiyambe ndi mapepala, Ambuye, pakuti Inu simunyoza zinthu zazing'ono. Mutikumbutse kuika mu envelopu imodzi kalata yotiitana, chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, dipuloma kapena digiri, ndi laisensi ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi yoti sinathe masiku, zenizeni pamodzi ndi mafotokope ake. Alipo wina amene laisensi yake inatha ndipo sanakonzetse: m'dzutseni lero, asadzazindikire ali kale pakhomo. Ena mapepala awo anapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023. Atsegulireni njira ku MANEB ndi kusukulu zimene anaphunzira, apeze makalata owachitira umboni tsiku lisanafike.

Yendani nafe, ochokera ku Marka, ku Tengani, ku Bangula, ku Ngabu, ku Nchalo, ndi a kutsidya kwa Shire, ku Muona ndi ku Makhanga, kumene ulendo umadalira mvula. Gwirani chiwongolero minibasi ikamakwera mapiri kuchoka pa Thabwa. Kaya atiitanira ku Zomba kulikulu la ndende, kaya ku Blantyre, tipatseni nzeru yonyamuka dzulo lake, juzi ili m'chikwama, kuti ife ozolowera kutentha tisakanjenjemere pabenchi ndi mphepo ya kumtunda, anthu n'kumayesa mantha.

Tikakakhala pampando paja, Ambuye, funso loyamba tikulidziwa: “N'chifukwa chiyani mukufuna kugwira ntchito kundende?” Inu mukudziwa kuti malipiro tikuwafuna, sitibisa. Ena takhala pakhomo zaka, dipuloma ili m'sutikesi. Ena tikungogwira maganyu m'makiliniki. Koma musalole yankho lathu kuthera pamenepo. Ikani m'kamwa mwathu, ndi mumtima momwe, choonadi ichi, kuti khoti limalanda munthu ufulu woyenda koma silim'landa ufulu wolandira mankhwala. Mutikumbutse ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino, yonena kuti wotsekeredwa asungidwe mwaulemu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, boma likulipira. Mutikumbutse malamulo a United Nations a 2015 otchedwa ndi dzina la Nelson Mandela, onena kuti mkaidi alandire chithandizo chofanana ndi cha munthu wa kunja. Koposa zonsezi mutikumbutse mawu a Mwana wanu pa Mateyu 25, akuti anali m'ndende ndipo tinapita kukamuona.

Inu achemwali, inu achimwene amene mumtima mukuti, “Bola ndilowe m'boma, akaidiwo ndi mbava, alandire zawo,” lekani! Lapani musanakwere minibasi. Ena mwa anthu amenewo ali pa rimandi, khoti silinawapeze ndi mlandu. Ngakhale wopezeka wolakwayo, anakuikani ndani kukhala woweruza wachiwiri, wolanga ndi jakisoni ndi mawu achipongwe? Ngati mtima umenewo sukuchoka, siyirani anzanu mpandowo. Inenso, Ambuye, mtima umenewu ndimaupeza mwa ine. Uchotseni, uzuleni ndi mizu yomwe.

Tsopano, Mzimu Woyera, tiphunzitseni kuyankha za ntchito yeniyeni. Akatifunsa chimene tingachite ndi munthu amene wangofika kuchokera kupolisi kapena kukhoti, tisakazungulire. Tikanene kuti ayenera kuonedwa msanga, asanasakanikirane ndi anzake. Kumuyeza sikelo ndi msinkhu. Kum'funsa mafunso anayi a TB, ngati akutsokomola, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, akuonda. Kumuyang'ana mabala ndi kulemba monga taonera. Kum'funsa mankhwala amene amamwa, a khunyu, a shuga, a BP, a maganizo, ma ARV. Ndi kum'funsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, pakuti masiku oyambirira ndiwo oopsa.

Ambuye, pa nkhani ya TB ndi ma ARV ndi pamene mtima wanga walemera, ndiloleni ndichedwepo. Munthu amamangidwa pamsika, kudimba, panjira. Botolo lake latsala kunyumba, khadi lake lili kuchipatala cha kwawo. Wakhala masiku m'chitolokosi osamwa, ndipo pofika kundende akuchita manyazi kunena pamaso pa anzake. Tipatseni pakamwa pofunsa mwachinsinsi, tipatseni kusatopa pofufuza nambala yake kuchipatala chimene ankalandirira, kuti piritsi lake la tsiku ndi tsiku ndi Bactrim zipitirire mosadukiza. Tikathe kufotokoza chifukwa chake, kuti kachilombo kakapeza mpata kamachulukana n'kuyamba kukana mankhwala. Wotsokomola tim'tenge makhololo apite ku GeneXpert, makina oyezera TB, osati kumangom'patsa amoxicillin mwezi ndi mwezi. Akapezeka nayo, ndi miyezi 6, iwiri ya mankhwala anayi, inayi ya mankhwala awiri, akumeza ife tikuona. Tisaiwale, Atate, tisakaiwale pamaso pa otifunsa, kuti rifampicin, mankhwala a TB, amafooketsa dolutegravir wa mu ma ARV, choncho womwa zonse ziwiri amaonjezeredwa dolutegravir wa 50 mg patatha maola 12. Tisaiwale pyridoxine woteteza mapazi kuti asachite dzanzi. Tisaiwale kuyeza onse ogona naye selo imodzi, pakuti m'chipinda chimene anthu amagona chokhala, mawondo ali pachifuwa, timawindo tili m'mwamba, mpweya wa mmodzi ndi wa onse. Khoti lalikulu linanena kale mu 2009 kuti kuthithikana kotere n'kuzunza anthu. Ndipo tsiku lotuluka, kapena losamutsidwira kundende ina, munthuyo asachoke chimanjamanja. Apite ndi kalata yom'samutsira kuchipatala cha kwawo ndi mankhwala om'kwanira mpaka atakafika, pakuti pageti pamenepo ndi pamene chithandizo chimadukira. Tichitireni chifundo, Yehova, tichitireni chifundo, anthu anu asatayike m'manja mwathu.

Malungo timawadziwa, ndife ana a m'chigwa. Kuyeza kaye magazi pachala, LA mapiritsi 4 kwa wamkulu, ena 4 patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri, onse pamodzi 24; wokomoka kapena wosanza chilichonse, jakisoni wa artesunate ndi kum'tumiza kuchipatala cha boma. Koma tipatseni nzeru za kumalo kumene nsima ya mgaiwa imabwera kamodzi patsiku pamene LA amafuna kanthu m'mimba. Kutentha kwathu kwa mu Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40, kumaononga mankhwala ndi zoyezera m'kabati ya pansi pa malata. Tikathe kunena mmene tingazisungire pozizirirako ndi kulemba katenthedwe tsiku lililonse.

Mphere tisazipeputse. Kupaka munthu mmodzi m'selo yodzaza kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka. Tikanene kuti selo yonse ipake benzyl benzoate tsiku limodzi, kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, papite maola 24 asanasambe, mabulangete ndi zovala zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Kolera tinaiona ndi maso mu 2022 ndi 2023. Mmodzi akangoyamba kutsekula m'mimba zonga madzi otsukira mpunga, tim'patule, Thanzi paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, wofookeratu diripi ya Ringer's lactate, klorini wa 0.05% wosamba m'manja, wa 0.2% wotsukira pansi, wa 2% wothira pa chimbudzi ndi masanzi, ndipo ofesi ya zaumoyo ya paboma idziwe tsiku lomwelo. Tsegulani maso athu tizindikire pelagra, khungu lakuda lokhakhala m'khosi ndi kunja kwa manja, kutsekula m'mimba, mutu kusokonezeka, tisam'tche munthu wamisala pamene chikum'sowa ndi ndiwo ndi vitamini wotchedwa nicotinamide.

Adzatiyesanso pa chitetezo, Ambuye. “Mkaidi amene mwam'samala bwino akukupemphani foni aimbire amayi ake, mutani?” Limbitsani mitima yathu yofewayi. Tikayankhe kuti sitibwereka foni, sitinyamula kalata, ndalama kapena fodya, sitipereka nambala yathu kapena kunena kumene timakhala, koma pempho lake timalifikitsa kwa oyenera; pakuti wochita kamodzi mobisa, mawa amaopsezedwa kuti aululidwa akakana. Tikanene kuti masizasi, malezala ndi masingano timawerenga potsegula ndi potseka, makiyi a kabati sachoka pathupi, pokhala timakhala mbali ya kukhomo, ndipo mapiritsi monga diazepam timaonetsetsa kuti amezedwa, kuyang'ana ndi kunsi kwa lilime komwe, chifukwa m'kati muja amasanduka ndalama. Singano ikatibaya, kusamba ndi sopo, kunena nthawi yomweyo, kuyamba PEP, mankhwala oteteza ku HIV, asanathe maola 72 ndi kumwa masiku 28.

Koma funso lolemera ndi ili, ndipo pano tikugwada. Ndi la tsiku limene tidzaime pakati pa msilikali wa ndende ndi wodwala. Bwana akuti, “Ameneyu akunamizira, m'bwezeni.” Kapena akuti, “Tiuzeni amene ali ndi kachilombo.” Kapena abweretsa munthu wotupa nkhope usiku n'kumati, “Lembani kuti wagwa.” Mulungu wa Danieli, tipatseni ulemu wopanda mantha. Tipatseni, Atate, tipatseni. Tikathe kunena modekha kuti aliyense wodandaula timamuyeza kaye, kutentha kwa thupi, BP, kugunda kwa mtima, kapumidwe, tisanagamule kanthu. Kuti za m'buku la wodwala ndi chinsinsi, msilikali aime poti akutiona koma osamva. Kuti bala timalemba malo ake, kukula kwake ndi mawu a mwini wake, n'kukanena kwa otiyang'anira. Kuti namwino satenga nawo mbali popereka chilango. Komanso tisakalankhule ngati asilikaliwo ndi adani athu. Popanda iwo geti silitseguka usiku, galimoto ndi operekeza sapezeka. Tikanene kuti tidzapangana nawo kusanade, wodwalitsitsa ndani, agona pati, zikavuta adzutsidwa ndani. Ndipo tisamadikire okhawo amene nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, wawabweretsa pamzere, pakuti wofooketsetsa angakhale amene watsala pakona osatha kudzuka.

Ndinu wamkulu, Yehova! Ndinu amene munagwedeza maziko a ndende ya ku Filipi pakati pa usiku, ndipo mdindo yemwe anamanga Paulo ndi Sila m'zigologolo ndiye anawatenga ora lomwelo n'kutsuka mabala awo. Ndinu amene munatuma mngelo kwa Petro, maunyolo n'kugwa m'manja mwake. Ndinu amene mumamva kubuula kwa wandende, simupeputsa anthu anu omangidwa. Ndinu amene munalonjeza Paradaiso kwa wopachikidwa chifukwa cha milandu yake. Palibe mpanda wokutchingani, palibe loko wokukanikani, palibe selo yakuda kumene diso lanu silifika. Aleluya! Munaphunzitsa mdindo kutsuka mabala usiku umodzi wokha. Ife amene tinakhala zaka m'kalasi ndi m'mawodi simungatilephere. Simudzatisiya, simudzatichititsa manyazi.

Kumbukirani amayi a m'ndende, oyembekezera ofunika sikelo ndi kukachirira kuchipatala, ndi ana oyamwa amene ali m'menemo popanda mlandu, ofunika katemera monga mwana aliyense. Kumbukirani agogo olankhula Chisena chokha, ndi abale a ku Mozambique omangidwa kuno opanda wowayendera. Amene timadziwa Chisena tisakachibise pa intavyu, tikachitchule, chifukwa wodwala amafotokoza bwino ululu wake m'chinenero chake.

Funso likatipitirira tisakapeke yankho. Tipatseni kudzichepetsa konena kuti, “Pamenepo ndingaone m'buku la ndondomeko ndi kufunsa adokotala.” Akatipatsa mpata wofunsa, tikafunse za ntchito: wodwala mwakayakaya usiku amafika bwanji kuchipatala cha boma, mankhwala amachokera kuti, adzatiyang'anira ndani, ndipo ngati pali maphunziro a kusukulu ya asilikali a ndende ya ku Mapanga tisanayambe.

Ndipo inu amene mumaimbira anthu osauka kuti, “Tumizani kangachepe pafoni, dzina lanu lidutse,” Mulungu akukuonani! Mukudya ndalama ya mbuzi imene mayi wamasiye wagulitsa kuti mwana wake akwere minibasi. Siyani, bwezani. Abale, musatumize ngakhale tambala.

Dalitsani otifunsa, Ambuye. Asatope pofika womaliza, asayang'ane mtundu kapena dzina la bambo ake a munthu. Usiku wa dzulo lake tipatseni tulo. Monga Nehemiya anapemphera chamumtima asanayankhe mfumu, tikumbutseni kupuma pang'ono ndi kukuitanani tisanatsegule pakamwa. Amene sadzatengedwa musawasiye agwe mphwayi, atsegulireni khomo lina msanga. Amene adzatengedwa, atetezeni ku TB, atetezeni ku ziphuphu, atetezeni ku kuuma mtima m'chaka chachiwiri ndi chachitatu, pamene mzere wa odwala wazolowereka ndipo mankhwala atha m'kabati. Tikupempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.