Chigamba cholembedwa RELIABILITY FIX si choti chidikire mwezi wa mawa

Anzanga amene mumayang'anira maseva, pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho. Zigamba za operating system, timafayilo tokonza zolakwika mu mapulogalamu, zikatuluka, ambiri amangowerenga mutu wake basi. Chikakhala cha chitetezo amathamanga nacho usiku womwewo. Chikakhala chongoti makina asamagwe, amati tichiona tikapeza mpata. Maganizo anga ndi akuti kusankha kotereku n'kudzinamiza, ndipo ndifotokoza pogwiritsa ntchito operating system yotchedwa OpenBSD, chifukwa kumeneko mitu iwiriyi imalembedwa poyera ndi zilembo zikuluzikulu: china SECURITY FIX (cha chitetezo), china RELIABILITY FIX (cha kudalirika).

Mutu umene umaikidwa pa chigamba umangonena zimene okonzawo ankadziwa tsiku limene ankalemba. Sukunena zimene wachiwembu adzatulukire sabata yamawa. Pulogalamu ikamagwa chifukwa yalemba zinthu pamalo olakwika mu memory, funso limakhala limodzi: kodi munthu wakunja angathe kusankha zimene zikulembedwa pamalopo? Ngati sangathe, makina amangozima. Ngati angathe, ndiye kuti makinawo ndi ake. Ndipo yankho la funsoli limasintha munthu wina waluso akakhala nalo pansi vutolo kwa masiku angapo.

Zimenezi zinachitikadi mu 2007. Akatswiri a kampani ya Core Security anapeza vuto mu kernel ya OpenBSD, mtima wa operating system, pa mmene inkasamalira mapaketi a IPv6 odulidwa m'zidutswa. Vutolo linali mu mbuf, timalo ta memory timene kernel imasungiramo zinthu zochokera pa netiweki. Anauza a OpenBSD mu Febuluwale, ndipo chigamba chinatuluka mwachangu, koma chinatchedwa cha kudalirika, poti panthawiyo zinkaoneka ngati choopsa kwambiri n'chakuti makina agwa. Patangopita masiku ochepa, a Core anasonyeza kuti paketi yokonzedwa mwaluso ingathe kuyendetsa code ya wachiwembu mkati mwa kernel momwemo. Mu Malichi mutu uja unasinthidwa kukhala wa chitetezo, ndipo mawu otchuka a OpenBSD onena kuti apezekapo ndi bowo limodzi lokha lolowera kutali anasintha kukhala mabowo awiri. Amene anaika chigambacho tsiku loyamba anali otetezeka asakudziwa n'komwe. Amene anati ichi n'cha kudalirika chabe anakhala ndi khomo lotsegula.

Palinso china chimene anthu amaiwala pa mapulogalamu amene code yake ili poyera. Chigamba chikatuluka, chimasonyeza mzere weniweni umene unali wolakwika. Wachiwembu safunikanso kufufuza. Amangowerenga zimene zachotsedwa ndi zimene zawonjezedwa, n'kudziwa poti amenye. Ndiye tsiku limene chigamba chatuluka ndi tsiku limenenso ngozi yanu yakwera, osati kutsika, mpaka mutachiika. Taonani za OpenSMTPD, pulogalamu yotumiza ndi kulandira maimelo, mu Januwale 2020, vuto limene a kampani ya Qualys anapeza, la nambala CVE-2020-7247: adiresi ya wotumiza kalata sinkafufuzidwa mokwanira, moti munthu ankatha kubisamo lamulo n'kuliyendetsa ngati root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makina. Sipankafunika luso lalikulu kuti munthu agwiritse ntchito zimenezo atangowerenga chigambacho.

Komanso tisapeputse kugwa kwa makina ngati kuti si nkhani ya chitetezo. Firewall imene munthu wakunja angathe kuigwetsa ndi paketi imodzi yatseka ntchito ya aliyense amene ali kumbuyo kwake. Kernel ikagwa ili pakati polemba pa disiki, mudzakhala pa fsck, pulogalamu yokonza dongosolo la mafayilo, nthawi yaitali, mwinanso mafayilo ena n'kuonongeka.

Tsono ntchito yake imayenda bwanji. Kale kuika chigamba pa OpenBSD kunkafuna kuti mukhale ndi code yonse mu /usr/src, mumate chigambacho, kenako mumange pulogalamu kapena kernel nokha. Pamenepo waulesi anali ndi pothawira. Kuyambira pa OpenBSD 6.1, imene inatuluka mu Epulo 2017, kuli pulogalamu yotchedwa syspatch, imene imabweretsa mafayilo omangidwa kale. Imagwira pa mapurosesa a mtundu wa amd64, i386 ndi arm64. Mukalemba syspatch -c imakuuzani zigamba zimene zilipo koma simunaike. Mukalemba syspatch -l imakuonetsani zimene munaika kale. Mukalemba syspatch yokha, ngati root kapena kudzera pa doas (lamulo lobwereka mphamvu za root), imatenga zonse zotsala n'kuziika motsatana manambala ake. Zindikirani mfundo imeneyi: silola kuti musankhe chachisanu n'kusiya chachinayi. Okonzawo anachita dala, chifukwa chigamba chilichonse chimamangidwa pamwamba pa zam'mbuyo, ndipo makina amene ali ndi zigamba zosankhidwa apa ndi apo ndi makina amene palibe anawayesapo. Zokhazo zimene imadumpha ndi za mbali imene simunaikepo n'komwe, mwachitsanzo za X, mbali yoonetsa mawindo pa sikirini, pa seva yopanda X.

Isanasinthe fayilo iliyonse, syspatch imasunga yakale mu /var/syspatch. Chigamba chikabweretsa vuto, syspatch -r imachotsa chomaliza, ndipo syspatch -R imachotsa zonse. Ndiye mantha akuti bwanji chikaononga ali ndi mankhwala ake kale. Inde, chigamba chingathe kuononga. Sindikukana zimenezo, ndipo ndibweranso pa mfundoyi.

Mafayilowo amachokera ku seva imene mwalemba mu /etc/installurl, koma chimene chimakutetezani si seva imeneyo. Ndi siginecha. Kuyambira pa 5.5, mu 2014, OpenBSD imasainira zinthu zake ndi signify, pulogalamu yaing'ono imene Ted Unangst analemba, yogwiritsa ntchito Ed25519. Makiyi ake ali mu /etc/signify, ndipo mtundu uliwonse umabwera ndi kiyi ya mtundu wotsatira. Wina atalowa pa seva yogawira mafayilo n'kusintha chigamba, siginecha siigwirizana ndipo syspatch imakana. Ikakana, musafunefune njira yoizembera. Sinthani seva mu /etc/installurl n'kuyesanso.

Zimene zimalakwika kawirikawiri n'zazing'ono, zochititsanso manyazi. Choyamba ndi malo. /var ikadzaza ndi malogi, syspatch imaima chifukwa ilibe posunga mafayilo akale, ndiye yang'anani df -h musanayambe. Chachiwiri ndi wotchi. Makina amene nthawi yake yasokonekera amakana satifiketi ya seva ya https, ndipo uthenga wake umaoneka ngati vuto la netiweki pamene vuto ndi deti. Onetsetsani kuti ntpd, pulogalamu yokonza wotchi, ikuyenda. Chachitatu, ena amakonda kuika /usr kuti izingowerengedwa osalembedwa poganiza kuti akulimbitsa chitetezo, ndiye syspatch siingalembepo. Chachinayi, syspatch ndi ya mtundu wotulutsidwa mwalamulo wokhala ndi kernel ya GENERIC kapena GENERIC.MP. Ngati mumatsatira -current, mtundu umene ukukonzedwabe, kapena munamanga kernel yanuyanu, si njira yanu imeneyi.

Pa kernel pafunika tidekhepo. Kuyambira pa 6.2 kuli njira yotchedwa KARL: nthawi iliyonse makina akayaka, zidutswa za kernel zimalumikizidwanso mu dongosolo losiyana, kuti wachiwembu asadziwe kuti ntchito yakutiyakuti ili pa adiresi iti. Zidutswazo zimakhala mu /usr/share/relink. Chigamba cha kernel chimasintha zidutswa zimenezi, kenako syspatch imalumikiza kernel yatsopano n'kukuuzani kuti muzimitse makina n'kuwayatsanso. Koma kulumikizako kusanachitike, makina amayerekeza /bsd ndi nambala imene inasungidwa mu /var/db/kernel.SHA256. Ngati munasinthapo kernel ndi config -ef, mwina pozimitsa driver ina, nambalazo sizifanana ndipo kulumikiza kumalephereka. Zotsatira zake n'zoipa: mukaphonya uthenga wa kulepherako, syspatch -l ikuonetsa chigamba, inu mukuganiza kuti mwatetezeka, koma kernel imene ikuyenda ndi yakale yomwe ija. Werengani relink.log imene ili mu /usr/share/relink/kernel pansi pa dzina la kernel yanu. Ndipo ngati mukufunadi kusintha zina mu kernel, zilembeni mu /etc/bsd.re-config, zizichitika zokha pakulumikiza kulikonse.

Musanaike chigamba cha kernel pa makina amene ali kutali, koperani /bsd ku dzina lina lanu, monga /bsd.yakale. Ena amadalira /obsd, koma imeneyo imalembedwanso nthawi iliyonse kernel ikalumikizidwa, ndiye tsiku limene mukuifuna mungapeze kuti nayonso ndi yatsopano. Kernel yatsopano ikakana kuyaka, pa boot> mumalemba boot /bsd.yakale, makina n'kuyaka, kenako syspatch -r. Zimenezi zimafuna kuti mukhale ndi njira yofikira pa console, kaya ya serial kaya ya kampani imene imakusungirani seva. Ngati mulibe njira imeneyo, vuto lanu lalikulu si chigamba ayi.

Kuika fayilo yatsopano pa disiki si kumaliza ntchito. Pulogalamu imene inayamba kuyenda dzana ikugwirabe library yakale mu memory. Chigamba cha libssl kapena libcrypto chikalowa, httpd, relayd, smtpd ndi zina zonse zodalira library imeneyo ziyenera kuyambitsidwanso: rcctl restart kenako dzina lake. Pa sshd, pulogalamu imene mumalowera nayo pa seva muli kutali, chitani mosamala. Yambani ndi sshd -t kuti muone ngati makonzedwe ali bwino, yambitsaninso, ndipo musatseke zenera limene mwalowera mpaka mutalowa bwinobwino pa zenera lachiwiri. Chigamba chikakhudza libc, kuyambitsanso mapulogalamu imodziimodzi n'kutaya nthawi. Zimitsani makina n'kuyatsanso. Anthu ena amanyadira kuti seva yawo yatha masiku 600 osazima. Kwa ine nambala imeneyo ikungolengeza kuti kernel yake sinalandire chigamba chilichonse kwa nthawi yonseyo.

Ndipo pali mavuto ena amene chigamba chimangotseka bowo koma sichibweza zimene zinatuluka kale. Heartbleed, vuto la mu library ya OpenSSL limene linadziwika mu Epulo 2014, inkalola munthu kuwerenga mpaka 64 KB ya memory ya seva pa pempho lililonse, osasiya chizindikiro mu logi. OpenSSL 1.0.1g inatseka bowolo, koma madzi akatayika saoleka: makiyi, masatifiketi ndi mapasiwedi zinayenera kusinthidwa. N'chifukwa chake muyenera kuwerenga mawu ofotokoza chigamba chilichonse. Cholinga powerenga si kusankha ngati muchiike kapena ayi, koma kudziwa ntchito imene yatsala mukachiika.

Tibwerere kwa amene amati chigamba chingaononge. Akunena zoona, ndipo umboni ulipo. Vuto la OpenSSH limene a Qualys analengeza pa 1 Julayi 2024, lotchedwa regreSSHion, linali vuto lakale la mu 2006 limene linakonzedwa, kenako linabwereranso mu 8.5p1 chifukwa cha kusintha kwina kwa code. Linagwira makina a Linux ogwiritsa ntchito glibc, pomwe OpenBSD inapulumuka. Ndiye inde, code yatsopano imatha kubweretsa zake. Koma taonani kusiyana kwake. Limenelo linalowa ndi mtundu watsopano wa pulogalamu. Zigamba za errata, mndandanda wa zokonza umene OpenBSD imatulutsa pa mtundu uliwonse, nthawi zambiri zimakhala mizere yochepa yolunjika pa vuto limodzi, zoti munthu angathe kuziwerenga zonse pa mphindi zochepa. Mankhwala a manthawa ndi kuyesa, osati kudikira. Khalani ndi makina amodzi ofanana ndi enawo, ngakhale a virtual, ikani pamenepo poyamba, yatsaninso, onani ngati ntchito zonse zadzuka ndi rcctl ls failed, kenako pitani pa enawo. Ngati muli ndi mafirewall awiri a CARP, pamene imodzi imagwira ntchito ina ikudikirira kulowa m'malo mwake, yambani ndi imene ikudikirira, isandutseni yotsogolera, muone kuti zinthu zikuyenda, kenako konzani inzake. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi kapena awiri.

Kuti musamadalire kukumbukira, ikani syspatch -c mu /etc/daily.local kapena mu crontab ya root. Pakakhala palibe chatsopano siilemba kanthu. Pakakhala chigamba, dzina lake limabwera mu kalata ya root, bola kalatayo muziilandiradi: onani /etc/mail/aliases, chifukwa maseva ambiri amadzilembera okha makalata amene palibe amawerenga. Kodi muilole iziika yokha usiku? Pa makina ang'onoang'ono ndilibe nazo vuto, koma kumbukirani kuti siyambitsanso mapulogalamu ndipo siizimitsa makina, ndiye munthu afunikabe.

Syspatch imasamalira base yokha, kutanthauza zimene zimabwera ndi OpenBSD yeniyeniyo. Zimene munaika ndi pkg_add, monga PostgreSQL, PHP kapena nginx, zimafuna pkg_add -u, ndipo firmware imafuna fw_update. Komanso zigamba zimatha. OpenBSD imatulutsa mtundu watsopano miyezi 6 iliyonse, ndipo errata imaperekedwa kwa mitundu iwiri yokha yaposachedwa, kutanthauza kuti mtundu uliwonse umasamalidwa pafupifupi chaka chimodzi. Nthawi imeneyo ikadutsa, syspatch -c imakhala chete, ndipo chete ameneyu amafanana ndendende ndi wa makina amene ali ndi zigamba zonse. Yang'anani uname -r. Ngati mwatsalira, sysupgrade, imene inabwera ndi 6.6 mu 2019, imakukwezani mtundu umodzi pa nthawi, osadumpha. Mukafika pa mtundu watsopano yendetsani sysmerge ngati pali mafayilo a mu /etc amene atsala osaphatikizidwa, kenako syspatch, kenako pkg_add -u, musanapite pa mtundu wotsatira.